Mfundo Yachitatu

Ndikukumbukira kuti chaka chimenecho mango anabereka mpaka nthambi kuthyoka, ndipo ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mwina zinayi. Sindinganene motsimikiza, chifukwa kumudzi kwathu, kumunsi kwa Mtakataka, kunalibe munthu wolemba tsiku limene mwana wabadwa. Sukulu sindinaione ndili mwana. Cholembera ndinachigwira koyamba imvi zitatuluka kale, kusukulu ya kwacha, ndipo mpaka lero dzanja limatopa msanga. Choncho mundipirire. Nkhaniyi ndailemba pang'onopang'ono, masiku ambiri, ndipo ndisanailembe ndinakhala nayo mumtima zaka zoposa makumi asanu.

Amalume anga, a Chikopa, anali ndi khoka. Ukonde waukuluwo ankakauponya kutali ndi bwato, kenaka alovi, ndiwo amuna okoka, ankaukoka ali pamchenga. Khoka lili ndi zingwe ziwiri, china mbali ino, china mbali inayo, ndipo gulu lililonse limagwira chake. Magulu awiriwo amatalikirana moti nkhope sizizindikirika, amangofika ndi mawu. Chofunika n'choti mbali ziwirizo zibwere mofanana. Ina ikatsogola, ukonde umapendekeka n'kusiya mpata, ndipo nsomba sizichedwa kuuona mpatawo.

Chingwe cha mbali iliyonse chinali cholumikizalumikiza, ndipo chinali ndi mfundo zisanu ndi imodzi, zazikulu ngati nkhonya, iliyonse yomangidwa kansanza kofiira. Yomaliza inali pamtengo umene umagwira mapeto a ukonde. Kumbuyo kwa alovi kunkakhala mnyamata mmodzi mbali iliyonse. Ntchito yake inali kukulunga chingwe chimene chatuluka m'madzi, ndi kufuula mfundo ikafika. Pakati pa magulu awiriwo pankaima kapitao, kumvetsera uku ndi uku, n'kumalamula amene aime ndi amene akoke.

Kapitao wathu anali Che Bwanali, munthu wamfupi, wachifuwa chotakata, wosakonda kulankhula kawiri. Tsiku limene amalume anandipereka kwa iwo, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kenaka anatulutsa chitini cha mkaka ndi miyala yoyera isanu ndi umodzi. Anaiika m'dzanja langa umodziumodzi.

"Mfundo ikafika, ponya mwala m'chitini, ndiye ufuule," anatero. "Mateyu, ine pakati paja ndilibe maso. Maso anga ndiwe ndi Juma. Ukati ziwiri, ine ndikhulupirira ziwiri, ndipo amuna onsewa akoka monga mwa mawu ako. Ukasokonezeka, ungofuula kuti imani. Tiima, tiwerenga, palibe amene akumenye. Wamva?"

Ndinati ndamva.

Juma anali mnyamata wa chingwe chinacho, msinkhu wanga. Iye ndi amayi ake anali obwera, ochokera cha ku Mangochi, ndipo bambo ake anali atamwalira. Analibe munda kwathu. Ankadya nsomba zimene Juma ankagawiridwa pakhoka, zina amayi ake n'kumasinthitsa ndi ufa. Juma anali atapitako kusukulu zaka ziwiri bambo ake ali moyo, ndipo miyala ankaikana.

"Miyala ndi ya anthu a mitu yobooka," ankatero akundiseka. "Ine yanga ili muno." Ndipo ankadzigogoda pamphumi.

Zinkandiwawa, komabe tinali pachinzake. Tinkaotchera limodzi tinsomba totsalira, ndipo ndi iye amene anandionetsa ndi chala pamchenga wonyowa mmene chilembo choyamba cha dzina langa chimalembedwera. Anati chili ngati mapiri awiri a Dedza atagwirana manja. Chilembo chimenecho ndicho chokha chimene ndinachidziwa mpaka ukalamba.

Nyengo imeneyo kunali kotentha, mvula isanagwe, nkhokwe zitayamba kupepuka. Kwa milungu ingapo khoka linkabwera ndi ndere ndi tinsomba towerengeka. Ndiye m'mawa wina amuna a m'bwato anabwerera akukuwa asanafike n'komwe kumtunda. Anati madzi ada ndi chambo, ndipo achizinga chonse. Mbiri inathamanga m'mudzi. Amayi anatsika ndi madengu ndi mabeseni n'kukhala pamchenga kumbuyo kwathu, ana kumsana. Alovi anamanga malamba m'chiuno, nyimbo inayamba, zingwe zinauma gwa.

Dzulo lake ine ndinali nditadya mango osapsa, othira mchere ndi tsabola, ochuluka kuposa amene munthu wanzeru angadye. Mfundo yoyamba inafika bwino. Yachiwiri inafika m'mimba mukulira kale. Ndinaponya mwala, ndinafuula, Juma nayenso anayankha kutali kuti yachiwiri. Kenaka m'mimba munapotokola moti thukuta lozizira linandituluka.

Ndinkadziwa chochita. Anali mawu amodzi okha. Koma ndinkawadziwanso alovi. Mnyamata wina amene anaimitsapo khoka pa chifukwa chonga chomwecho ankatchedwa Chamubango mpaka atakwatira ndi kubereka ana. Ndipo kumbuyo kwanga kunali amayi a m'mudzi monse, ndi atsikana amene ndinkawathira diso. Ndinadziuza kuti mfundo zimatalikirana, ndipita ndi kubwera isanafike ina. Alovi onse anali atayang'ana kunyanja. Ndinasiya chitini, ndinazemba ngati ndikukatola kanthu, ndinalowa m'bango.

Sindikudziwa kuti ndinakhalamo nthawi yotalika bwanji. Pobwerera ndinapeza chingwe chaunjikana chosakulunga, mulu wonyowa wodzaza mchenga. Ndisanakhale n'komwe pansi, mawu a Juma anafika ndi mphepo.

"Yachitatuuu!"

Che Bwanali anatembenukira kwa ine. "Kwa Mateyu?"

Ndinasuzumira m'chitini. Munali miyala iwiri.

"Ziwiri!" ndinafuula.

Anakweza dzanja kuimitsa mbali ya Juma, kenaka anatikalipira ife. "Kwa Mateyu kokani! Mwagona ndi njala kodi? Anzanu akudikirani, madoda athunthu inu!"

Alovi a mbali yathu anang'ung'udza, wina anatukwana, nyimbo inakwera, ndipo anakoka ngati ng'ombe zapagoli. Ine ndinayamba kukulunga mulu uja mofulumira. Ndili pakati pa kukulunga, chinthu cholimba chinandigunda m'dzanja. Inali mfundo, ndi kansanza kake kofiira, konyowa, komatirira mchenga. Yachitatu inali itadutsa ine ndili m'bango.

Apa ndi pamene ndimafuna owerenga amvetse, chifukwa ndi pamene ine ndakhala zaka zonsezi. Nthawi inalipo. Khoka linali likadali kutali, nsomba zili m'kati. Ndikanafuula kuti imani, tikanangotaya kanthawi kochepa ndi ulemu wanga wa tsiku limodzi. Koma ndinali nditanena kale kuti ziwiri. Amuna akuluakulu anali atanyozedwa chifukwa cha mawu anga. Ndipo akanandifunsa kumene ndinali. Ndinatenga chingwe n'kuchikulunga pamwamba pa mfundoyo, ndipo kansanza kamene kanatulukira m'mbali ndinakakwirira ndi phazi.

Mfundo yotsatira itafika, imene inali yachinayi, ndinafuula kuti yachitatu. Che Bwanali anatsitsa dzanja, mbali zonse zinayambanso kukoka, iwo akukhulupirira kuti tafanana, pamene ife tinali titatsogola ndi chingwe chathunthu. Juma anati yachinayi, inenso ndinati yachinayi. Ndinkapemphera kuti mwina nyanja ikonza yokha. Kenaka Juma anafuula kuti yachisanu, ndipo nthawi yomweyo mtengo wa kumapeto a ukonde unatumphuka m'madzi kutsogolo kwathu, pafupi moti mlovi woyamba akanatha kuugwira.

Pamchenga panali patatsala miyala iwiri. Ndinaitola yonse n'kuiponya m'chitini nthawi imodzi.

"Yomaliza!" ndinafuula.

Che Bwanali anandiyang'ana. Kunali kuyang'ana kwa kanthawi kochepa kwambiri. Kenaka anathamanga akukuwa kuti onse apite kwa Juma. Amuna anasiya chingwe chathu n'kuthamangira uko, amayi ena anataya madengu n'kukagwira nawo. Koma mpata unali utatseguka kale. Tinaziona ndi maso athu nsombazo, mthunzi wakuda waukulu ngati bwalo la mpira, ukutsetserekera mbali ya Juma n'kubwerera kwakuya. Madzi anawira pang'ono, kenaka anakhala bata. Khoka litafika pamtunda, zimene zinatsalamo sizinadzaze madengu awiri.

Sindinamvepo doko litakhala chete ngati tsiku limenelo. Ngakhale ana sanalire.

Amalume anatiitanira pansi pa mkuyu, alovi onse ataima mozungulira. Anali munthu wosachedwa kupsa mtima.

"Ndani wandidyetsera ana anga mchenga lero?"

"Ine ndinawerenga bwino, a Chikopa," anatero Juma. "Wallahi, ndinawerenga bwino. Nditati yachisanu, chinatsala chingwe chimodzi. Munachikoka nokha."

Koma m'chipwirikiti chija panalibe amene anawerenga. Wina anati zinatsala ziwiri, wina anati sakudziwa.

"Uli ndi chiyani chotionetsa?" anafunsa amalume.

"Mutu wanga."

Mlovi wina anaseka kuseka kowawa. "Mutu wakowo tiuphike ndiwo?"

Amalume anatembenukira kwa ine. Ndinakhuthula chitini pamchenga. Miyala isanu ndi umodzi, yoyera, yokwanira. Ndikanalekera pomwepo, mwina ndikanadzinamiza kuti ndinangokhala chete ndi mantha. Koma ndinawonjezera mawu amene palibe anandifunsa.

"Juma ndiye anafulumira. Anatchula yachitatu isanafike. Miyala amaikana, amati ndi ya anthu opusa."

Che Bwanali anayenda n'kuima pakati pa ine ndi Juma, monga ankaimira pamchenga.

"A Chikopa, amene anaimitsa mbali ya Juma ndine. Amene anakokesa mbali inayi ndine. Ngati pali wochotsa, yambani ndi ine. Mwanayu amadyetsa mayi ake."

"Inu mumachita zimene mwamva," anatero amalume. "Wolakwa ndi amene anakuuzani zabodza."

"N'zoona," anatero Che Bwanali. Kenaka anagwada pang'ono kuti maso awo afanane ndi anga. "Mateyu, mwanawe, palibe chimene waiwala kutiuza?"

Ndinayang'ana miyala ija. Ndinati, "Palibe."

Juma anachotsedwa tsiku lomwelo. Chimene chimandibwerera si kulira, chifukwa sanalire. Sanandiyang'anenso mwaukali. Anaima pambali, milomo ikugwedera, akupinda zala chimodzichimodzi, kuwerenganso mfundo zake, ngati munthu amene wayamba kudzikayikira yekha.

Pasanathe mlungu, ana a m'mudzi anali atamupatsa dzina. Akamadutsa ankamukuwira kuti, "Juma Chitatu! Tawerenga zala zako tione!" Makoka ena a padoko anamukana. Amayi ake ankabwerabe m'mawa ndi beseni, n'kukhala patali ndi amayi ena. Ndinkaona Che Bwanali akugawa pakati nsomba zawo, theka n'kukathira m'beseni lija. Iwonso anali ndi ana asanu.

Ine ndinapitiriza ntchito. M'mawa uliwonse Che Bwanali ankandipatsa miyala ija monga tsiku loyamba, umodziumodzi, akuwerenga mokweza. Pa wachitatu ankachedwa pang'ono, chala chawo chili pamwalawo m'dzanja langa. Tsiku lina tikusoka ukonde anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Tulo ukupeza, Mateyu?" Ndinati eya. Anati, "Chabwino. Ine ndimapezeka pano tsiku lililonse." Ndinadziuza kuti akundikonda ndipo akundikhulupirira. Pansi pa mtima ndinkadziwa kuti akundidikira.

Mvula itagwa, Juma ndi amayi ake ananyamula katundu wawo pamutu n'kulowera ku Golomoti kukagwira ganyu m'minda ya thonje. Sindinakawatsanzike. Patapita chaka, Che Bwanali anasiya khoka la amalume popanda mkangano, anapita kudoko lina, ndipo kumeneko ndi kumene anamwalirira.

Ine ndinakula, ndinakhala mlovi, kenaka kapitao wa khoka lomwelo. Anthu ankati Mateyu ndi munthu wachilungamo. Kutchalitchi anandisankha kutsogolera mphakati, gulu la akhristu a m'dera lathu. Anyamata atsopano ndinkawapatsa miyala ndi mawu omwewo a Che Bwanali, osasintha ngakhale amodzi. Koma sindinali kapitao wabwino. Sindinkatha kuima pakati. Mnyamata akati zitatu, ndinkathamanga kukafukula chingwe kuti ndione ndekha, kenaka kuthamangira mbali inayo. Alovi ankati ndili ngati nkhuku yofuna poikira. Anyamata abwino ankachoka, chifukwa palibe amakonda kugwira ntchito ndi munthu amene amamuyesa wabodza asananame.

Ndipo tsiku lina kamnyamata kena, kakang'ono kuposa mmene ndinalili ine, kanafuula kuti imani khoka lili pakati. Kanati kasokonezeka, sikakudziwa ngati kaponya mwala kapena ayi. Kanachita ndendende zimene ndinakauza. Ndinakamenya khofi pamaso pa anthu onse. Alovi anadabwa, inenso ndinadabwa. Panapita zaka ndisanavomere kuti ndinakamenya chifukwa kanachita mosavuta chimene ine chinandikanika.

Chaka chatha ndinakwera minibasi kupita ku Golomoti ndi nsalu yoti ndisoketse malaya a ukwati wa mdzukulu wanga. Anthu anandilozera telala wina wokalamba pakhonde la sitolo, wa ndevu zoyera, kofia kumutu, magalasi omangidwa ndi ulusi. Telalayo anandiyeza mapewa, kenaka anayezanso. Anandiyeza mkono, anayezanso, n'kundisendezera tepi pafupi ndi maso.

"Onani nokha, bambo. Musadzati ndawonjezera."

Ndinaseka. Ndinati ndakhulupirira. Anati iye sasoka mwini wake asanaone. Kenaka anatenga choko kuti alembe dzina pansalu.

"Ndilembe ndani?"

"Mateyu."

Analemba chilembo choyamba, mapiri awiri aja, ndipo dzanja linaima. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mateyu wa kwa Chikopa?"

Ndinakhala pabenchi popanda kuuzidwa. Tinapatsana moni wa anthu okalamba, kufunsana za ana, za mawondo, za amene anatisiya. Iye anabwerera pamakina n'kuyamba kupalasa. Ndinadziwa kuti ndikadzuka pabenchipo osanena, sindidzanenanso.

"Che Juma," ndinatero, "mfundo yachitatu ija inadutsa mbali yanga. Ndinali m'bango. Ndinaipeza m'chingwe, ndinaikwirira. Inu munawerenga bwino."

Makina anapitiriza kulira kanthawi, kenaka anaima.

"M'bango munkatani?"

Ndinamuuza za mango.

"Mango?" Anavula magalasi. "Chambo chonse chija, achimwene? Mango?" Anayamba kuseka, anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, mpaka mayi wogulitsa tomato pafupi anatembenuka. Inenso ndinayesa kuseka, koma sizinatuluke. Kenaka anapukuta maso ndi kansalu, ndipo kuseka kunatha.

"Ndinkadziwa," anatero. "Osati tsiku lomwelo. Tsiku lomwelo ndinkaganiza kuti mwina mutu wanga ndiwo wabooka. Koma Che Bwanali anabwera kwathu mawa lake. Anati anamva yachinayi, kenaka yomaliza, yachisanu sanaimve. Anati anamvanso miyala iwiri ikulira pamodzi m'chitini."

"Nanga bwanji sananene?"

"Ananena. Anapita kwa amalume anu kawiri. Amalume anu anati sangachititse manyazi mwana wa mlongo wawo chifukwa cha mwana wobwera, pokhapokha mwanayo atanena ndi pakamwa pake. Ndiye Che Bwanali anandiuza kuti, dikira, Mateyu si mwana woipa, abwera yekha. Mlungu uliwonse ankati dikira. Tinadikira mpaka mvula."

Minibasi ina inaima pamsewu, kondakitala akukuwa za ku Salima.

"Che Bwanali nawonso ndinawakwiyira zaka zambiri," anapitiriza. "Iwo ankakhulupirira inu, koma njala inkagona kwathu. Pano ndimaona kuti analibe njira ina. Chitseko chinali chimodzi, ndipo kiyi anali ndi inu." Anavalanso magalasi. "Amayi anamwalira kuno. Sananditsutsepo, koma nthawi zina ndikawerenga kanthu ankati, tawerenganso mwanangu. Sindikudziwa ngati anapita akundikhulupirira."

Ndinagwada pasimenti pakhondepo, nkhalamba ya mawondo owawa, anthu akudutsa. Ndinapempha kuti andikhululukire.

"Dzukani, a Mateyu, mukundithamangitsira makasitomala," anatero, akundikoka mkono. "Kukhululuka ndakhululuka, Mulungu akumva. Ndakalamba, sindingasenze zinthu zolemera. Koma tamverani. Munandinamizira pansi pa mkuyu, mudzi wonse ukumva. Lero mwabwera kudzandiyeretsa pakhonde, pali ine ndi makina. Makinawa sananditchulepo Chitatu."

"Onse aja anamwalira," ndinatero.

"Ana amene ankandikuwira aja alipo. Ndi agogo a anthu tsopano."

Malaya anasoka, ndipo anandikwana bwino lomwe.

Lamlungu lotsatira ndinapita padoko. Mkuyu uja anaudula kale. Ndinasonkhanitsa amene ndinawapeza n'kuwauza zonse. Ambiri anali anyamata a maboti a injini, mafoni m'manja. Anamvetsera mwaulemu, anaseka pa mango, ndipo wina anati, "Agogo, zakalekale zimenezo, musadzivute." Mayi mmodzi yekha wokalamba, amene ankayanika usipa pathandala, anaika dzanja pakamwa n'kunena kuti, "Juma Chitatu? Mayo ine, ndinkamuimba nawo." Ndinaona kuti doko lachepa, mawu anga afika mochedwa ndipo sakufika patali. N'chifukwa chake ndakhala pansi ndi cholembera.

Chimene ndikumvetsa tsopano si chachikulu, ndipo ndachimvetsa mochedwa. Ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kuchoka pachingwe. Ayi, mimba imagwira aliyense. Ndinkaganizanso kuti kukhulupiridwa ndi ulemu umene munthu amavala ngati malaya. Koma Che Bwanali anandiuza zoona tsiku loyamba lija, kuti iwo pakati paja analibe maso. Anthu akamakoka chinthu chimodzi atatalikirana, aliyense amakhala wakhungu pa mbali ya mnzake, ndipo amayenda ndi mawu amene wauzidwa. Amene wapatsidwa kufuula sanapatsidwe ulemu, wapatsidwa chakudya cha anzake. Ndipo mtsogoleri angathe kuima pakati, kudzitengera mlandu, kugawa nsomba zake, kudikira chaka chathunthu, koma sangatsegule pakamwa pa munthu wina. Ine ndinaona zonsezo zikuchitidwa chifukwa cha ine, m'mawa uliwonse, ndipo ndinkangotambasula dzanja kulandira miyala.

Sindikudziwa ngati kamnyamata kamene ndinakamenya kaja kali moyo. Ngati kali moyo ndipo wina akawerengera izi, kadziwe kuti pa tonse amene tinali padoko tsiku lija, iko ndiko kanagwira ntchito yake.

Kwa ena nonse, a ku Mtakataka, a ku Mua, a ku Golomoti, ndi aliyense amene anamvapo dzina lija kwa makolo ake, ndikufuula tsopano zimene ndinayenera kufuula ndili mnyamata, chingwe chili m'manja. Imani. Mfundo yachitatu inadutsa mbali yanga, ndipo ndinaikwirira ndi phazi. Juma anawerenga bwino.